Lipoti la ntchito ya a James Hong: zaka 70 za mbali zing'onozing'ono ku Hollywood

Lipotili ndalembera anzanga amene timagwira ntchito yosankha ndi kuphunzitsa ochita zisudzo. Amene amativuta kawirikawiri si ekita, munthu amene nkhani yonse yatsamira pa iye. Amativuta ndi uja wapatsidwa mizere inayi, kutsegula chitseko, kulonjera alendo, n'kutuluka. Ena akapatsidwa mbali yotere amaichita monyinyirika, ena amaikokomeza mpaka kusokoneza sewero lonse pofuna kuti anthu awaone. Ndiye ndatenga munthu mmodzi amene wadyera mbali zoterezi moyo wake wonse, a James Hong a ku America, n'kutsata ntchito yawo kuyambira 1954 mpaka 2024.

Dzina lawo lalembedwa pa mafilimu, masewero a pa TV, makatuni ndi magemu oposa 600. M'mafilimu akuluakulu a ku Hollywood sanakhalepo ekita. Amene anaonerapo Kung Fu Panda anawamva mawu, ndi tsekwe uja wophika msuzi amene analera Po. Atolankhani akamalemba za mkuluyu amakonda kutama kupirira kwake. Kupirira kunalipo ndithu, koma sindikufuna tithere pamenepo. Panali luso looneka ndi maso, lotheka kuliphunzitsa, ndipo panalinso mpanda umene luso limenelo linalephera kuugwetsa kwa nthawi yaitali kwambiri. Zonse ziwiri tiyenera kuziona.

Kumene anachokera

A Hong anabadwa pa 22 February 1929 mumzinda wa Minneapolis, ku Minnesota, kwa makolo ochokera ku China. Nthawi imeneyo lamulo la 1882 lotsekera anthu a ku China khomo lolowera m'America linali likugwirabe ntchito, ndipo linathetsedwa mu 1943, iwo ali ndi zaka 14. Ali wamng'ono anatumizidwa ku Hong Kong kukayamba sukulu, n'kubwerera ku Minneapolis ali ndi zaka pafupifupi 10. Anakula ndi zilankhulo ziwiri, Chikantoni cha makolo awo ndi Chingerezi cha ku America komwe anabadwira. Mfundo imeneyi muisunge. Chingerezi chothyokathyoka chimene mumamva akulankhula m'mafilimu ambiri si chawo. Amachivala ngati ntchito yafuna choncho, akamaliza n'kuchivula.

Anayamba maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga pa University of Minnesota, koma nkhondo ya ku Korea inawadula pakati. Anaitanidwa ku usilikali n'kutumizidwa kumakampu a ku Alabama. Kumeneko ankaseketsa anzawo potsanzira mawu a anthu otchuka, mpaka akuluakulu a pakampu anawasunga kuti azikonza zisangalalo za asilikali m'malo mowatumiza kunkhondo. Eni ake akhala akunena kuti mwina n'zimene zinawapulumutsa, chifukwa ndi nkhope yawoyo mu yunifomu ya America akanatha kuomberedwa ndi mbali zonse ziwiri. Atatuluka usilikali anakamaliza digiri yawo pa University of Southern California, n'kulembedwa ntchito ya uinjiniya wa misewu ku Los Angeles County. Zisudzo ankazichita pa masiku a tchuthi mpaka pamene analimba mtima n'kusiya ntchito ya malipiro a pamwezi.

Sukulu yawo yoyamba ya zisudzo inali kutsanzira. Ambiri a ife timakunyoza kutsanzira, timati ndi za ana oseketsa anzawo m'kalasi. Koma wotsanzira bwino amakhala ataphunzira kumvetsera: pamene munthu amapumira, pamene amakweza mawu, chilembo chimene amachimeza. Khutu limeneli ndi limene linawadyetsa a Hong mpaka ukalamba.

Mu 1954 anaonekera pa pulogalamu ya pa TV ya a Groucho Marx yotchedwa You Bet Your Life, n'kuwatsanzira a Groucho eni ake ali pomwepo. Chaka chotsatira anapezeka m'mafilimu atatu a mayina akuluakulu: Soldier of Fortune ya a Clark Gable, Blood Alley ya a John Wayne, ndi Love Is a Many-Splendored Thing ya a William Holden. Mbali zake zinali zakuti ukaphethira wawaphonya. Mu 1956, Amereka atatenga filimu ya Godzilla ya ku Japan n'kuidula, kuwonjezeramo a Raymond Burr, a Hong ndi mmodzi mwa amene analankhulira m'Chingerezi anthu angapo a m'filimuyo, aliyense ndi mawu akeake.

Mpanda

Kuti timvetse chifukwa chimene munthu waluso chonchi anakhalira kumbuyo, tiyenera kubwerera mu 1937. Chaka chimenecho kampani ya MGM inatulutsa The Good Earth, nkhani ya banja la alimi a ku China. Mwamuna ndi mkazi a m'nkhaniyo anaseweredwa ndi azungu, a Paul Muni ndi a Luise Rainer, atawapenta nkhope ndi kuwakoka zikope. A Anna May Wong, wa ku America wa makolo a Chitchaina, amene anali kale katswiri wodziwika, ankaifuna mbali ya mkaziyo koma sanapatsidwe. Malamulo amene makampani a mafilimu ankatsata nthawi imeneyo, aja a Hays Code, sankalola chikondi cha anthu osiyana mitundu pakanema, ndiye mwamuna atakhala mzungu, mkazinso anayenera kukhala mzungu. A Rainer analandira nayo mphoto ya Oscar. Ngakhale mu Love Is a Many-Splendored Thing muja, dokotala wamkazi wa magazi a Chitchaina anaseweredwa ndi a Jennifer Jones.

A Hong anakumana nazo maso ndi maso mu 1957. Anapatsidwa mbali ya mwana wa wapolisi wofufuza milandu mu The New Adventures of Charlie Chan, sewero la pa TV limene mbali yaikulu linajambulidwa ku England. Charlie Chan ndi Mtchaina, koma amene ankamusewera anali a J. Carrol Naish, mzungu wa makolo a ku Ireland, monganso m'mafilimu akale ankamusewera a Warner Oland a ku Sweden. Malinga ndi mmene a Hong akhala akufotokozera, tsiku lina anaphonya mzere, a Naish n'kuwalalatira ndi mawu onyoza mtundu wawo, ndipo mapeto ake a Hong ndi amene anachotsedwa ntchito. Taganizani: Mtchaina weniweni kuchotsedwa m'sewero la banja la Chitchaina, wotsalamo n'kukhala wodzipenta. Imeneyi inali ntchito yawo yoyamba yokhazikika, ndipo anena poyera kuti bala lake linatenga zaka kuti lipole.

Zimene zinkatsalira anthu ngati iwo zinali zodziwika: wochapa zovala, woperekera zakudya, wantchito wa m'nyumba, msilikali wa adani, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, nkhalamba yolankhula miyambi. Opanga mafilimu sankasiyanitsanso Mtchaina, Mjapani, Mkoreya ndi wa ku Vietnam. A Hong anasewera onsewa.

Mu 1965 iwo ndi anzawo asanu ndi atatu, kuphatikizapo a Mako, a Beulah Quo ndi a Soon-Tek Oh, anayambitsa gulu la zisudzo la East West Players ku Los Angeles. Anayambira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Cholinga chinali chakuti akhale ndi poyeserera mbali zikuluzikulu zimene Hollywood inkawamana. Gululi lilipo mpaka lero, ndipo kuyambira 1998 lili ndi holo yake m'dera la Little Tokyo. Kwa ine, pa zonse zimene a Hong anachita, ichi ndi chimene ochita zisudzo ayenera kuchiyang'anitsitsa. Munthu amene amangopatsidwa mizere inayi chaka ndi chaka luso lake limafota, chifukwa salinyamulitsa katundu wolemera. Iwo anadzipezera kokanyamulira katunduyo madzulo, masana akutsegula zitseko pamaso pa kamera.

Mmene ntchito yotere imadyetsera munthu

Apa ndifotokoze pang'ono mmene zimayendera kumeneko, chifukwa nambala ya 600 ija ikhoza kunamiza munthu kuti ndi chuma. Wosewera mbali yaing'ono amalembedwa tsiku limodzi, kapena sabata imodzi ngati ali mlendo wa gawo lonse la sewero la pa TV. Amaitanidwa kudzera mwa ajenti wake, amapatsidwa masamba awiri kapena atatu a sikiriputi, amawerenga pamaso pa wosankha anthu, n'kubwerera kwawo kukadikira foni. Akamutenga amafika pamalo ojambulira pamene ena onse anazolowerana kale. Palibe amene ali ndi nthawi yomuphunzitsa. Nthawi zambiri zithunzi za ekita ndi zimene zimadya tsiku, iye n'kutsala ndi mpata wochepa woti akhoze. Amene amakhoza ulendo woyamba, osataya nthawi ya anthu, ndi amene amaitanidwanso.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 masewero a pa TV ankatulutsa magawo oposa 20 pachaka, ndipo gawo lililonse linkafuna nkhope zatsopano. Choncho munthu mmodzi ankatha kubwera kangapo m'sewero lomwelo ngati anthu osiyana. A Hong anatero mu Hawaii Five-O komanso mu Kung Fu, sewero lija la 1972 mpaka 1975 limene ekita wake, mmonke wa magazi a Chitchaina, anali mzungu, a David Carradine. Kubwereza anthu chonchi kunkachitikira azungu omwe, koma kwa a ku Asia kunkanyanya chifukwa m'kaundula wa osankha anthu munali mayina ochepa.

Chimene chimathandiza munthu wotere kudya pakati pa ntchito ndi ntchito ndi ndalama zimene amalandira filimu kapena sewero likaonetsedwanso, zimene kumeneko amati residuals. Bungwe lawo la Screen Actors Guild, lomwe linayamba mu 1933, linachita sitalaka mu 1960, a Ronald Reagan ali mtsogoleri wake, kuti mafilimu akagulitsidwa ku TV ochita zisudzo azipezapo kanthu. Cheke chimodzi chikhoza kukhala cha madola ochepa zedi, koma wokhala ndi ntchito mazanamazana macheke ake saduka. Nkhani yomweyi inabukanso pa sitalaka ya masiku 118 ya mu 2023, makamaka chifukwa makampani oonetsa mafilimu pa intaneti ankalipira zochepa. Pa nthawiyo zinamveka kuti mwa mamembala pafupifupi 160,000 a bungweli, ambiri sankafika pa madola 26,000 ndi pang'ono pachaka, ndalama zofunika kuti munthu alowe pa inshulansi ya zaumoyo ya bungwelo. A Hong ali m'kagulu kochepa kwambiri ka anthu amene ntchitoyi inawasunga osawataya.

Zithunzi zinayi

Mu Chinatown ya 1974 ndi Kahn, wantchito wa m'nyumba ya Evelyn Mulwray. Papepala ndi mbali yomwe ija ya kale, wotsegula chitseko. Koma taonani mmene amaimira pakhomo Jack Nicholson, amene akusewera wofufuza nkhani, akafika ndi mafunso ake: aulemu, osamwetulira, thupi litatseka njira. Ukuona kuti munthuyu akudziwa chinsinsi cha nyumbayi ndipo sachitulutsa. Kumapeto, pamene Evelyn akufuna kobisa mtsikana amene akumuteteza, amathawira naye kunyumba kwa Kahn, n'chifukwa chake filimu imakathera ku Chinatown. Woonera amakhulupirira kuti mayiyu angamudalire Kahn chifukwa cha kaimidwe kaja ka pakhomo. Patapita zaka 16, a Nicholson akutsogolera okha The Two Jakes, anawaitananso a Hong pa mbali yomweyo.

Chithunzi chimene ndimaonetsa ophunzira kawirikawiri ndi cha mu Blade Runner ya 1982, ya a Ridley Scott. A Hong ndi Hannibal Chew, mmisiri wopanga maso a anthu ochita kupangidwa. Amaoneka kamodzi kokha, kwa mphindi zowerengeka. Kamera imamupeza ali yekha m'chipinda chozizira koopsa, atavala chikhoti chaubweya cholumikizidwa ndi mapaipi otenthetsa, ataweramira ntchito yake, akung'ung'udza m'Chitchaina. Chinthu choyamba ndi chimenecho: munthuyu anali kale pantchito kamera isanafike. Sakudikira kuti ekita alowe ndiye akhale ndi moyo.

Kenako amalowa Roy Batty ndi Leon, awiri mwa anthu opangidwa aja, amene athawa ukapolo ndipo akufuna njira yofikira kwa amene anawapanga. Chew amayamba n'kukwiya, ngati mwini malo aliyense amene wina walowa osaodira. Leon amapisa dzanja m'madzi oundana osamva kanthu, kenako amamung'ambira chikhoti chija, Chew n'kutsala akunjenjemera. Apa wosewera wamba akanangopitiriza mantha mpaka chithunzi chithe. A Hong sanatero. Chew atazindikira kuti awa ndi amtundu uja wapamwamba, nkhope yake imawala pang'ono, n'kuwauza kuti maso awowo anapanga ndi iye. Mano akugundana, imfa ili pakhomo, koma mmisiri wanyadira ntchito ya manja ake. Kunyada kumeneku ndi kumene kumatsegulira a Rutger Hauer, osewera Roy Batty, mpata wa yankho lawo lotchuka loti Chew akanaona zimene iwo aona ndi masowo. Pambuyo pake mantha amabwerera, Leon akumuika maso aawisi pamapewa, mpaka Chew amatchula dzina la J.F. Sebastian. Ntchito ya chithunzichi pa nkhani yonse ndi dzina limenelo basi. Wolemba ankafuna munthu woti atchule dzina. A Hong anabweretsa mkwiyo, kunyada ndi mantha, chilichonse pa nthawi yake, popanda kubera mnzawo chithunzi.

Mu 1986 anapatsidwa mbali yaikulu kuposa zonse za nthawi imeneyo, David Lo Pan mu Big Trouble in Little China ya a John Carpenter. Lo Pan ndi mfiti yakalekale yotembereredwa, imene iyenera kukwatira mkazi wa maso obiriwira kuti ikhalenso ndi thupi. A Hong amamusewera pawiri: nkhalamba yofota ya panjinga ya olumala, ndi chimzukwa chachitali chovala zachifumu. Mbali imeneyi ndi mdzukulu wa Fu Manchu, Mtchaina woipa uja wa m'mafilimu akale, ndipo magulu ena a anthu a ku Asia okhala ku America anaidandaula filimuyi. Anali ndi mfundo. Komabe onani chimene a Hong anachita nayo. Lo Pan wawo ndi wosungulumwa, wosachedwa kupsa mtima, ndipo akaganiza za ukwati wake amasekerera ngati mnyamata. Anamupatsa chimene akufuna, ndiye mfitiyo inasanduka munthu woseketsa ndi womvetsa chisoni nthawi imodzi. Filimuyi sinabweze ndalama m'maholo a kanema, inadzatchuka pambuyo pake pa matepi a vidiyo, ndipo lero anthu ambiri amaikumbukira chifukwa cha Lo Pan mofanana ndi Jack Burton wa a Kurt Russell.

Chachinayi ndi cha nthabwala. Mu May 1991 sewero la Seinfeld linaonetsa gawo lotchedwa The Chinese Restaurant. Gawo lonse limachitikira malo amodzi: Jerry, George ndi Elaine akudikira tebulo palesitilanti. Akuluakulu a NBC, kampani ya TV yoonetsa sewerolo, sanalikonde, ankati mulibe nkhani, ndipo analichedwetsa. A Hong ndi wolandira alendo, amene wagwira buku la mayina. Nthawi iliyonse akamufunsa amayankha mokoma kuti kwatsala mphindi zisanu kapena khumi. Anthu obwera pambuyo amalowa. Kasitomala wina wozolowereka amafika, amacheza naye mosangalala, n'kumupatsa tebulo pompo. Elaine amayesa kumupatsa kangachepe, iye amalandira ndalamayo, tebulo osaoneka. George akudikira foni ya chibwenzi chake, foni imabwera, koma mkuluyu amaitana dzina lina losafanana n'komwe ndi la George, kenako n'kumufotokozera modekha kuti anaitana koma palibe anayankha. Atatopa n'kutuluka, chitseko chitangotsekeka, ndi pamene amaitana dzina la Seinfeld, lomwe ndi la Jerry.

Chinsinsi cha chithunzi chimenechi n'chakuti a Hong sakuseketsa. Sakutsinzinira omvera, sakuonetsa kuti akudziwa kuti pali nthabwala. Akusewera munthu wotanganidwa, wokonda ntchito yake, amene m'mutu mwake zonse zikuyenda mwadongosolo. Sitidziwa ngati akuchitira dala kapena ayi, ndipo kusadziwako ndi kumene kumawapengetsa atatu aja. Pagule anthu amayang'ana wovina n'kumamvera mbalule, koma woimba mpanje akangoyamba kudzionetsa, gule yense wasokonekera. A Hong anagwira mpanje kwa mphindi zoposa 20 osasuntha, anzawo atatu n'kupeza povinira.

Kodi anayenera kuzilandira mbali zimenezi?

Funso limeneli silithawika, ndipo ophunzira amalifunsa. Mu Airplane! ya 1980 a Hong ndi mkulu wa asilikali wa ku Japan amene amadzibaya ndi lupanga chifukwa chotopa ndi nkhani za munthu amene wakhala naye pafupi. Anthu anaseka. Koma ndi nthabwala yomangidwa pa chithunzi chakale cha Mjapani, ndipo woisewera si Mjapani n'komwe. Zoterezi zilipo zambiri pa mndandanda wawo.

Ine sindiwaweruza, koma sindinganenenso kuti zinalibe mtengo. Wolemba waulesi akadziwa kuti pali katswiri amene adzaiveke thupi mbali yake yopanda kanthu, sakakamizika kulemba bwino. Luso la a Hong nthawi zina linkaphimba ulesi wa ena. Mbali inayo, akanakana, mbaliyo sikanafufutidwa. Ikanapita kwa wina, mwinanso kwa mzungu wodzipenta, monga zinachitikira mu 1961 pamene a Mickey Rooney anasewera Mjapani mu Breakfast at Tiffany's. Ndipo munthu amene akufuna kutsutsa ayenera kukhala ali m'chipindamo. Chimene ndimauza wophunzira ndi ichi: ona ngati m'mbaliyo muli poti ulowetsepo munthu. Mwa Kahn, mwa Chew ndi mwa Lo Pan munali malo, ndipo a Hong anawapeza. Mwa msilikali wa mu Airplane! munalibe. Imeneyo inali ya lendi, ndipo tiitchule choncho.

Mawu, ndi ulemu wochedwa

Thupi likayamba kutopa, khutu lija la ku Alabama linagwiranso ntchito. Mu 1998 analankhulira Chi-Fu, mlangizi wamatama wa mfumu mu katuni ya Mulan. Mu 2008, ali ndi zaka 79, anayamba kulankhulira Mr. Ping, tsekwe uja wolera panda wotchedwa Po, mu Kung Fu Panda, n'kubwereranso mu 2011, 2016 ndi 2024. Tsekwe kulera panda ndi nthabwala, koma a Hong anaisewera ngati nkhani ya bambo aliyense wolera mwana amene sanabereke, woopa kuti tsiku lina mwanayo adzapita. Mvetserani gawo lachiwiri pamene akufotokozera Po mmene anamupezera m'bokosi la ndiwo zamasamba. Mawu amathamanga pamene akuthawa nkhaniyo, n'kuchedwa pamene walephera kuithawa. Kwa amene timachita masewero a pawailesi, phunziro lake lili poyera, chifukwa palibe nkhope yothandizira.

Mu 2020 a Daniel Dae Kim, wazisudzo wa ku America wobadwira ku Korea, anayambitsa msonkhesonkhe pa intaneti kuti a Hong apatsidwe nyenyezi pamsewu wotchuka wa Hollywood Walk of Fame. Ambiri sadziwa kuti nyenyezi zimenezi zimalipiridwa, ndipo nthawi zambiri amalipira ndi makampani pofuna kutsatsa filimu yatsopano. Kwa a Hong panalibe kampani yotero. Anthu wamba ndi amene anasonkha madola oposa 50,000 m'masiku ochepa. Nyenyeziyo inavundukulidwa pa 10 May 2022, iwo ali ndi zaka 93, ndipo anakhala munthu wamkulu kuposa onse amene anailandirapo kufika nthawi imeneyo.

Chaka chomwecho kunatuluka Everything Everywhere All at Once ya a Daniel Kwan ndi a Daniel Scheinert, nkhani ya banja la Chitchaina lokhala ndi bizinesi yochapa zovala ku America. A Hong ndi Gong Gong, bambo ake a Evelyn, amene anamukana mwana wawoyo chifukwa cha mwamuna amene anasankha. Poyamba ndi nkhalamba yapanjinga, yolankhula Chikantoni, yongofuna chakudya chake. Kenako nkhani ikatembenuka, thupi lomwelo limalowedwa ndi Gong Gong wina, mtsogoleri wankhondo wa dziko lina. Msana umawongoka, maso amalimba, n'kuyamba kulamula m'Chingerezi chosalala. Sasintha chovala, sapakidwa kanthu kumaso. Apa ndi pamene filimu yaikulu inawalola kugwiritsa ntchito malilime awo onse awiri mwa munthu mmodzi, wokhala ndi mlandu wake ndi chisoni chake, m'banja limene onse olisewera anali a ku Asia enieni.

Mu February 2023 gulu lonse la osewera m'filimuyi linalandira mphoto ya Screen Actors Guild, ndipo a Michelle Yeoh, amene anasewera Evelyn, anawasiyira a Hong maikolofoni. Anayamba m'Chikantoni, kenako anakumbutsa holo yonse kuti filimu yawo yoyamba inali ndi a Clark Gable. Anatchula The Good Earth, anaonetsa ndi zala mmene azungu ankakokera zikope, n'kunena kuti opanga mafilimu a nthawi imeneyo ankati anthu a ku Asia sakwanira ndipo sabweretsa ndalama. Mwezi wotsatira filimuyi inatenga ma Oscar 7. A Yeoh, a Ke Huy Quan ndi a Jamie Lee Curtis analandira aliyense yake, a Stephanie Hsu analowa nawo pampikisano. A Hong sanatchulidwe pa mndandanda wa opikisana, ndipo sanayambe atchulidwapo pa Oscar m'zaka zonsezi.

Pa 22 February 2024, tsiku limene ankakwanitsa zaka 95, anadinda manja ndi mapazi awo m'simenti pabwalo la TCL Chinese Theatre ku Hollywood, nyumba ya kanema yomangidwa mu 1927 motsanzira kachisi wa ku China. Patangopita masabata awiri Kung Fu Panda 4 inatuluka, ndipo Mr. Ping ankalankhulabe ndi mawu awo.